Nyimbo Imene Inagoneka Nyanja

Karima anabadwa mu June, mwera uli pakati. Mayi ake ankanena kuti tsiku limenelo maboti onse a ku Senga Bay anali atakokeredwa pamchenga, amuna ali khale pansi pa mitengo kusoka maukonde, ndiye palibe amene anaphonya uthenga woti kwa Che Nasiri kwabadwa mwana wamkazi wachinayi. Ena anawamvera chisoni Che Nasiri. Iwo anangoti Alhamdulillah, n'kupitiriza kusoka.

Mwana wamwamuna sanabwere. Choncho zimene Che Nasiri ankadziwa za mphepo anazipereka kwa Karima. Pamadzi sanamutengerepo. Ankangomuimika pamchenga m'mawa akamachokera kumzikiti, n'kumufunsa kuti mapiri a kutsidya ali pati lero, pafupi kapena patali. Ankamufunsa kumene akakowa alowera, ndi mtundu umene madzi avala cha kumwera. Mwanayo akalakwitsa sankamukalipira, ankangoti, "Tidikire masana." Masana mphepo inkabwera n'kumuyankha yokha.

Atakula anakwatiwa ndi Che Binali, mmisiri wokhoma maboti, munthu wosalankhulalankhula amene zala zake zinkanunkha phula chaka chonse. Kuyambira pamenepo dzina loti Karima linatsala m'nyumba. Kunja anthu ankawatchula kuti Abiti Nasiri, mwana wa Che Nasiri, ndipo bambo awo atamwalira dzina lija linapitiriza kuyenda pagombepo kudzera mwa iwo.

Ntchito yawo inali yoyanika usipa. Anali ndi mathandala anayi, mabenchi aatali a bango oyanikapo nsomba, pafupi ndi mtengo wa mkuyu. Zaka makumi atatu anayanika, kutembenuza, kuanula. Koma chimene anadziwika nacho si usipa. M'mawa uliwonse anthu ankapatuka pa mathandala pawo. M'dzinja amayi ankafunsa ngati ayanike kapena adikire, chifukwa mvula ikagwera usipa pathandala umaola. Nthawi yachisanu amuna ankafunsa ngati akankhe maboti. Funso linali limodzi: "Abiti Nasiri, lero kuli bwanji?" Iwo ankayang'ana kutsidya, n'kunena mawu awiri kapena atatu, manja osasiya nsomba. Sankalipiritsa. Ankalakwitsa nthawi zina, koma osati kawirikawiri.

Chaka china mu September, masamba a mkuyu atayoyoka, kutentha kukuyamba kuluma, kunabwera anthu a ku Lilongwe ndi makamera. Ankajambula filimu ya mphunzitsi wa m'tauni amene anakonda mwana wa msodzi. Anakhala masabata atatu. Nyanja inali phee masiku onsewo, monga imachitira mwezi umenewo, ndipo alendowo ankaiyamikira ngati kuti imakhala choncho nthawi zonse.

Pakati pawo panali mtsikana woimba dzina lake Pemphero, amene anamutuma kupeka nyimbo ya filimuyo. Tsiku lina anafika pa mathandala atanyamula nsapato m'manja, n'kukhala pa beseni lovundikira.

"Amayi, akuti inu ndi amene mumadziwa mphepo."

"Akutero ndani?"

"Aliyense. Ngakhale wa kabaza amene wandinyamula ku Salima."

"Ameneyo amadziwa mphepo ya m'matayala basi."

Pemphero anaseka mpaka nsapato imodzi inagwa. Abiti Nasiri anamukonda pomwepo. Anamuuza za mpoto, umene umadza ndi mvula mosagogoda. Anamuuza za vuma, wa m'mawa nthawi yotentha, ndi zambwe, wotsika kuchokera kumtunda. Mtsikanayo ankalemba m'kabuku. Pafupi pomwepo injini ya magetsi ya ojambula aja inkalira, ndipo Esha, mlamu wawo wa Abiti Nasiri amene ankayanika pa thandala loyandikana nalo, anali pa mkangano ndi galu.

"Nanga mwera?" Pemphero anafunsa.

"Mwera ukafika, mwana wanga, kunyanja kuno kumagona."

Pagombe limenelo aliyense amadziwa tanthauzo la mawuwa. Mwera ukawomba mafunde amakwera kuposa munthu, palibe boti lolowa m'madzi, palibe nsomba, mathandala amakhala opanda kanthu, asodzi amangogona masana pansi pa mitengo. Kumagona ndi kumtunda, kwa anthu. Pemphero anagwedeza mutu, nalemba, nathokoza, n'kuvala nsapato zake.

Nyimbo inatuluka mu April, chimanga chikuuma m'minda, filimu isanaonetsedwe. Inayamba pa wailesi, kenako inalowa m'mafoni, m'maminibasi, m'nyumba zometera tsitsi ku Khombedza. Inali yokoma, zimenezo palibe anatsutsapo. Inkayamba ndi gitala mmodzi, pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda m'madzi ofika m'mawondo. Ku mathandala inafika mu May pa foni ya Esha, mwera woyamba wa chakacho utangoyamba kuulutsa mchenga. Amayi anasonkhana kumvera. Mawu a Pemphero anakwera, oyera, okoma:

Mwera wafika, nyanja yagona,
tenga nkhafi, wanga, tipite.

Amayi anayang'ana nyanja, imene inkamenya gombe ngati yakwiyira munthu. Kenako kuseka kunaphulika. Esha anakhala pansi pamchenga. Abiti Nasiri nawo anaseka mpaka misozi.

"Subhanallah," anatero akupukuta m'maso. "Ndani wamunamiza mwana wa eni ake? Akufuna kumiza chibwenzi?"

Yankho linabwera Loweruka, pa wailesi ya Che Binali imene inkapachikidwa pa boti lomwe ankakhoma. Woulutsa mawu anafunsa Pemphero kumene anatenga mawu okoma chotere. Mtsikanayo, ndi mtima wabwino wokhawokha, anati: "Si anga. Ndinapatsidwa ndi mayi wina wa ku Senga Bay, Abiti Nasiri. Iwonso anaphunzira kwa bambo awo, Che Nasiri, msodzi wamkulu. Amayi, ngati mukumva, zikomo."

Anamva. Gombe lonse linamva.

Mawa lake amuna anapatuka pa mathandala monga mwa masiku onse, koma nkhope zinali zina. Woyamba anali Yohane, mwini maboti awiri, bambo wa pakamwa pothwa amene anabwera kunyanja kuchokera ku Chitala Che Nasiri atamwalira kale.

"Abiti Nasiri, lero yagona?" anatero, mafunde akuthira thovu kumapazi kwake. "Titenge nkhafi?"

"Ine ndinati kunyanja kumagona. Kwagona, osati yagona."

"Wailesi siinama, amayi."

"Makutu ndi amene amanama."

Koma anzake anali ataseka kale, ndipo anadutsa osadikira kumva za mphepo ya tsikulo.

Filimu itafika ku nyumba yoonetsera mavidiyo pa msika, zinthu zinaipiraipira. Chakumapeto kwake mphunzitsi uja ndi mwana wa msodzi ankapalasa bwato pamadzi osalala ngati galasi, mnyamatayo atavala juzi posonyeza kuti ndi June, nyimbo ikulira. Akuti ku Lilongwe ndi ku Blantyre anthu ankalira pamenepa. Ku Senga Bay asodzi ankagwa m'mabenchi. Ena ankabwereranso tsiku lotsatira kudzangoonera malo amenewo.

Sikuti anthu anakhulupirira kuti Abiti Nasiri sadziwa mwera. Achikulire ankadziwa bwino. Koma funso la m'mawa lija linasanduka nthabwala, ndipo wofunsa nthabwala sadikira yankho. Pofika chisanu chachiwiri, anyamata a m'maboti ankaona za nyengo pa foni, amayi ena ankangoyanika poona kuti mnzawo wayanika. Zimenezi Abiti Nasiri akanatha kupirira. Chimene chinawalasa ndi mawu amene Yohane anayambitsa. Munthu akanena bodza, kaya wogulitsa akati nsomba zadzulo ndi za lero, anthu ankati, "Izo ndi za kwa Che Nasiri." Ana osawadziwa n'komwe mkuluyo anatola mawuwo. Munthu amene anapulumutsa maboti ambirimbiri pongoti lero ayi, tsopano dzina lake linali chidule cha bodza, ndipo linafika pamenepo kudzera pakamwa pa mwana wake.

Anayesa kukonza. Esha anawapezera nambala ya wailesi, ndipo atayesa masabata awiri foni inalowa.

"Muli pa mphepo, mayi. Dzina lanu ndi komwe muli?"

"Ndine Abiti Nasiri, ku Senga Bay. Ndikufuna kunena za nyimbo ija ya mwera."

"Eee! Omvera athu, mwini wake wa mawu aja! Mayi, musavutike n'kupempha, nayi nyimbo yanu!"

Gitala analira. Foni inaduka. Esha anachita kuthawira kuseri kwa mkuyu kuti akasekere kumeneko.

Ngakhale m'nyumba mwawo nyimboyo inalowa. Tsiku lina masana anapeza Che Binali akusokera thonje m'ming'alu ya boti, akuing'ung'udza m'mphuno.

"Che Binali."

"Hmm?"

"Mukuimba chiyani?"

Mmisiriyo anayang'ana thonje, anayang'ana mkazi wake. "Ndi kasida wa kumzikiti," anatero.

"Kasida wa nkhafi?"

"Imangobwera yokha, mayi a Ismael. Ndikaithamangitsa kuno imalowera uku."

Nyimbo zambiri zimakhala nyengo imodzi n'kupita ndi fumbi la October. Iyi inakhala. Filimu anthu anaiiwala, koma nyimbo inkalira pa ukwati uliwonse mkwatibwi akamalowa. Amayi ankatonthozera ana. Minibasi ina ya pakati pa Salima ndi Khombedza inalembedwa kumbuyo kuti YAGONA. Mdzukulu wa mnzawo atakwatiwa ku Chitala, Abiti Nasiri anapita, ndipo alimi a kumeneko atamva dzina lawo anawachotsa pamphasa n'kuwakhazika pa mpando kutsogolo. Amayi ankabwera kudzawagwira dzanja. Wina anawabweretsera mtedza m'lichero.

"Mawuwo ndi olakwika," Abiti Nasiri anauza mayi amene anakhala nawo pafupi. "Mwera ukafika nyanja siigona."

"Kaya, amayi. Ife nyanja tinaiona kamodzi, pa ulendo wa kwaya. Koma mwamuna wanga anandifunsira ndi nyimbo imeneyi."

Pobwerera m'minibasi, mtedza uli pamiyendo, sanadziwe ngati akwiye kapena ayi. Makilomita makumi angapo kumtunda anali munthu wolemekezeka chifukwa cha mawu amene sananene. Kwawo anali choseketsa chifukwa cha mawu omwewo.

Chisanu chachitatu, mu July, mwera unawomba masiku anayi osapuma. Mitengo ya mango inali ndi maluwa, ndipo mphepo inkawayoyolera m'mathandala opanda kanthu. Lachitatu m'mawa galimoto inaima pa msika. Munatuluka Pemphero, tsopano woimba wodziwika dziko lonse, ndi amuna awiri a makamera. Ankafuna kujambula vidiyo yatsopano ya nyimbo ija, pamalo pomwe inabadwira, m'nyengo yake yeniyeni. Ankafuna boti.

Asodzi anayang'anana. Yohane anadzuka pa ukonde pomwe anagona, nasasa mchenga m'malaya.

"Boti lilipo, achemwali. Koma kuno sitikankha popanda chilolezo cha Abiti Nasiri. Tiyeni ndikuperekezeni."

Gombe lonse linatsatira, aliyense akuyembekeza kuseka kwa chaka.

Abiti Nasiri anali pansi pa mkuyu akumanga bango latsopano pa thandala lothyoka. Pemphero atawaona anathamanga, nagwada, nawakumbatira m'miyendo.

"Amayi anga! Zonse zimene ndili nazo zinayambira pa beseni lanu lija."

Zaka zoposa ziwiri Abiti Nasiri anakhala akukonza mawu oti adzamuuze mtsikanayu, ena akuthwa ndithu. Atamuona atagwada mumchenga, maso akuwala, mawu onse aja anabalalika. Anamudzutsa, namugwira dzanja.

"Vula nsapato. Tiye."

Anatsika naye mpaka pamene madzi amafika. Mchenga unkabaya m'miyendo. Funde linabwera lofiirira, lalitali, linagwa ndi mkokomo, n'kuwanyowetsa mpaka m'chiuno. Pemphero anakuwa, nagwira tsitsi lake ndi manja onse awiri kuti lisapite ku Nkhotakota.

"Uwu ndiye mwera," anafuula Abiti Nasiri. "Yang'ana bwino. Yagona?"

"Ayi, amayi! Ndimaganiza kuti lero yangodzuka molakwika!"

Anamugwira mapewa n'kumutembenuza kuti ayang'ane kumtunda. Maboti anali ndandanda pamchenga, ena chafufumimba. Mathandala anali mbee. Pansi pa mtengo wina mkulu wina amene phokoso lonseli silinamudzutse anali gone, chipewa kumaso, galu atatsamira mwendo wake.

"Uku ndiye kwagona. Ndinati kunyanja kumagona. Anthu, maboti, ntchito. Nyanjayo ndiye imatigoneka."

Pemphero anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumadzi, anayang'ananso kumtunda. Anagwira pakamwa.

"Mayo ine. Kwagona." Anachotsa dzanja pakamwa. "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti alowe m'madzi awa?"

"Mwamwayi amene amakumvera alibe mabwato," anatero Esha kumbuyo.

Anthu anaseka, koma Pemphero sanaseke. Anafunsa chimene chinachitika nyimbo itatuluka, ndipo Esha anamufotokozera zonse, osasiyako, mpaka mawu aja a za kwa Che Nasiri. Pofika pamenepo Yohane anayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwake.

"Amayi, ndichite chiyani? Ndiiletse?"

"Ungailetse bwanji? Anthu anakwatirana nayo. Isiye. Koma bambo anga uwachotsemo. Unawaika ndiwe pamaso pa anthu, uwachotsenso pamaso pa anthu."

Pemphero anaitana wa kamera. Anaima chonyowa chomwecho, msana kunyanja, nkhope kwa asodzi, nakweza mawu ake a pa siteji aja. Anatchula dzina lake. Anati Che Nasiri sananame, mwana wawo sananame, linalakwa ndi khutu la mtsikana wa ku Area 25 amene nyanja ankaidziwira pa kalendala. Anati kuyambira lero munthu akamva zake zake, azinena kuti izo ndi za kwa Pemphero.

"Bwerezani pomalizapo," anatero mkulu wina. "Mphepo inatenga."

Anabwereza. Kenako anayesa kuimba mawu olondola, mwera wafika, kunyanja kwagona, koma sanakwane m'nyimbomo, ankasefukira ngati usipa wodzaza beseni. Anayesa kachiwiri, anapunthwanso pomwepo. Amayi anayamba kumuthandiza, wina kukoka apa, wina kudula apo, mpaka Esha anaponya mzere wachiwiri: siya nkhafi, wanga, tikhale. Pamenepo nthungululu zinalira. Anaimba kanayi kapena kasanu, asodzi akuwomba m'manja, mkulu wogona uja atadzuka n'kumafunsa kuti ukwati ndi wa ndani.

Vidiyo ija siinathandize kwenikweni. Itatuluka, chimene chinkamveka ndi mphepo yokha, huu, huu, ndi mtsikana wonyowa akutsegula pakamwa. Dziko linapitiriza kuimba kuti nyanja yagona, ndipo likuimbabe. Mawu atsopano aja anatsala ku Senga Bay, kumene amaimbidwa pa mathandala mwera ukatseka ntchito. Koma amene Abiti Nasiri ankafuna kuti amve anali ataima pamchenga tsiku limenelo, ndipo anamva kawiri.

Mawa lake, Lachinayi, mphepo ikadali yomweyo, Yohane anafika pa mkuyu yekha. Anaima kaye patali. Kenako anavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka. Kaya inu a Chitala."

"Anyamata anga akhala masiku asanu osalowa m'madzi. Foni ikuti mwera uleka lero madzulo." Anazunguza chipewa m'manja. "Che Nasiri akanati bwanji?"

Abiti Nasiri sanafulumire. Anamaliza kumanga mfundo, naduladula chingwe ndi mano. Kenako anayang'ana kutsidya, kumene mapiri anali asanatulukebe mu nkhungu, nayang'ana kumwera nthawi yaitali.

"Lero ayi. Mawa masana."

"Koma foni..."

"Ndiye muiuze foniyo ikukankhireni boti."

Yohane anavala chipewa, napita kukauza anyamata ake kuti atulutse ukonde wong'ambika uja ausoke, nthawi ilipo. Eni maboti ena ataona kuti Yohane sakukonzeka, nawonso anasiya injini zawo m'nyumba.

Mwera unawomba Lachinayi lonse. Unawomba Lachisanu m'mawa. Masana unali ukadalipo, ndipo ena anayamba kuyang'ana cha ku mkuyu. Unaleka cha m'ma thiri koloko, mwadzidzidzi, mpaka kulira kwa nkhwazi kunamveka kuchokera ku chilumba cha Namalenje. Esha akuti mlamu wake anaphonya ndi maola awiri. Abiti Nasiri amati ayi, mphepoyo inkadikira kuti amuna atuluke kaye kumzikiti ku swala ya Ijumaa.